Vidiyo ya Pythagoras inandiyalutsa

Sukulu atatseka mu March 2020 chifukwa cha korona, ahedi anati ana a Fomu 4 asangokhala, MSCE ikubwera, aliyense azijambula phunziro n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Ine wa masamu ndimvekere zazing'ono izi.

Bolodi ndinabwereka, foni ndinayitsamiritsa pa mulu wa ma past paper pamwamba pa ndowa ya ufa, ndavala jekete ndi tayi ngati ndikupita kukafunsira mbeta. Ndinatsegula kamera yakutsogolo ija kuti ndizidziona, ndiye ndayamba, a² + b² = c², mbali ina 3 ina 4, yaitaliyo ituluka 5, choko chikungouluka, mawu ndakweza mpaka nkhuku kuthawa pakhonde.

Vuto WhatsApp nthawi imeneyo inkangolola vidiyo ya 16 MB, yanga inali yaitali, ndiye ndinangokoka kachingwe kodulira kaja mwachangu poopa bandulo, osaonera n'komwe, n'kutumiza. Kenako magetsi thii, foni nayo yazima.

Ndikuyatsa madzulo mamesejitu ali mbwee. Woyamba: "Sir, masamu ake ndi a Chiarabu?" Kuyang'ana, zonse zatembenuka, zolemba zikuyambira kumanja, 3 akuoneka ngati E. Kani foni yanga kamera yakutsogolo imasunga chithunzi motembenuza ngati galasi, pali poti uzimitse mu settings koma ndani anandiuza.

Izo bola. Chapakati pa vidiyo, ine ndili kalikiliki ndi hypotenuse, kukumveka mawu a mayi akunyumba kuchokera kukhitchini, omveka bwino kuposa anga: "Inu abambo, a paokala abweranso, akuti ngongole ya shuga ndi sopo ija mpaka liti?" Ndiye pakuoneka ine, tayi ali pakhosi, ndikunong'ona chokweza: "Auzeni ndachoka, ndibwera Lachisanu!" n'kutembenukira ku kamera ndikumwetulira, "tipitirize ana anga."

Ndinathamangira delete for everyone, yakana, nthawi yake inali itadutsa kale, paja masiku amenewo inkangopatsa ka ola kamodzi. Pagulupo munalinso makolo, ndi ahedi amene, iwo anangoyika ka nkhope koseka kaja basi osalemba kanthu.

Ndipo mwana wa a paokala ali mukalasi mwanga momwemo, amakhala kutsogolo. Cha m'ma 8 usiku analemba pagulu: "Sir, adadi akuti phunziro alimva bwinobwino, Lachisanu adzabwera okha m'mawa musanachoke."