Phokoso la Usiku Kwathu ku Chibavi

Ndakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu kwa zaka zambiri, ndipo nyumba yoyandikana ndi yathu inali yogonamo anthu mpaka pamene mwini wake anaisandutsa malo omwera mowa ndi kuvinirako usiku. Lachisanu likafika, zimkuzamawu zimagunda mpaka malata a nyumba yathu kunjenjemera, moti mwana wanga amene akukonzekera mayeso a MSCE amawerenga atatseka makutu ndi thonje. M'mawa timatola mabotolo osweka m'mbali mwa mpanda.

Titakumana pamaso pa amfumu a m'dera lathu, mwini malowo anationetsa chiphaso chogulitsira mowa, nanena kuti walemba ntchito achinyamata angapo. Zimenezo sindikuzinyoza, pakuti ntchito zikusowadi mumzinda muno. Koma chiphaso cha mowa ndi china, chilolezo chosinthira ntchito ya malo ndi chinanso. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti wosandutsa nyumba yogonamo kukhala ya malonda ayambe wapeza chilolezo, ndipo chimenecho sanationetse.

Talembera kalata khonsolo ya mzinda, tonse tasaina, kupempha kuti akuluakulu adzayendere ploti imeneyi usiku wa Loweruka, osati masana pamene pamakhala pali zii.