Ulendo wa ku Lilongwe, ndi mmene a tcheyamani analowera Mozambique opanda pasipoti

Anzathu amene munatsala, lipoti la ulendo uja wokaphunzira za mankhwala otayika ndi moto ndi ili. Tinanyamuka pa Balaka kusanache, kosita itadzaza: a m'mafamase, osunga sitolo za mankhwala, amayi athu a ku labu ndi madalaivala a ambulansi. A msungichuma anafika omaliza, koma poti ndalama ya mafuta inali m'chikwama mwawo, palibe anatsegula pakamwa. Ku Lilongwe tinalandiridwa pa nyumba ina yaikulu yosungiramo mankhwala, ndipo wotiyendetsa anali bambo wina amene kale ankagwira ntchito yozimitsa moto.

Tisanakhale n'komwe, bamboyo anafunsa kuti, "Botolo lasweka m'sitolo, mutani?" Tonse pamodzi: kolorini ndi chikolopa! Iwo anangopukusa mutu. Chizolowezi chimenechi chinatilowerera nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, ndipo pa magazi, masanzi ndi chimbudzi n'cholondola. Koma ntchito ya kolorini ndi kupha tizilombo. Akakumana ndi sipiliti, fomalini (mankhwala oletsa kuola aja a ku labu ndi ku motchale) kapena asidi amatulutsa mpweya woipa, ndipo chikolopa chimangopaka mankhwalawo chipinda chonse, madzi ake n'kukathera m'ngalande.

Choyamba ndi kuwerenga katoni uli chapatali. Chizindikiro choyera cha chigaza ndi mafupa opingasa, pansi pake nambala 6, ndi chiphe. Mankhwala a chipatala amadzi otere amayenda ndi nambala UN 1851, imodzi mwa nambala za United Nations zozindikirira katundu woopsa. Chofiira cha lawi la moto ndi nambala 3 ndi choyaka, ndipo katoni ya UN 3248 imakhala ndi zizindikiro zonse ziwiri. Pepala la SDS lofotokoza kuopsa kwa mankhwala ndi kasamalidwe kake, lija ambiri timakulungira zinthu, lili ndi zigawo 16, koma pangozi muthamangire zitatu: 4 chithandizo choyamba, 5 moto, 6 zotayika. Bamboyo anaonetsa madalaivala kabuku ka chikuto cha orenji, Emergency Response Guidebook, kamene maboma a America, Canada ndi Mexico amatulutsa zaka zinayi zilizonse. Kamati mankhwala amadzi oterewa akatayika anthu atalikire mamita 50 mbali zonse, ndipo thanki ikagwira moto, mamita 800. Nambala ya 50 ija muisunge, ibweranso.

Za m'sitolo anationetsa ndi madzi ofiiritsidwa. Tulutsani anthu, tsegulani mawindo, tsekani chitseko cholowera ku wodi. Ngati chatayikacho n'choyaka, switchi isakhudzidwe, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa, chifukwa kamoto kothetheka mkati mwake kamakwanira. Valani magolovesi a nitrile (mtundu wa labala wopirira mankhwala) awiriawiri, epuloni ya pulasitiki, magalasi ndi gambutsi. Masiki ya buluu sitchinga nthunzi, masiki ya N95 nayonso ayi. Fomalini akayamba kulasa m'maso, tulukani, si nthawi yoonetsa kulimba mtima. Mchenga wouma umayamba kuthiridwa mozungulira kunja kuti madziwo asayende, kenako n'kumalowera pakati. Utuchi ayi, umawonjezera nkhuni pa choyaka. Magalasi osweka satoledwa ndi dzanja ngakhale lili m'golovesi: kokololani ndi makatoni awiri olimba, muike m'bokosi la masingano. Mchengawo ulowe m'majumbo awiri, kumanga, kulembapo dzina la mankhwala. Pamalopo tsukani katatu ndi madzi a sopo, kumalizira madzi oyera, nsanza zonse zitsate mchenga.

Mankhwala a khansa, monga vincristine, bleomycin ndi paclitaxel, ali ndi lamulo lake. Akapitirira mamililita 5, sipuni yaing'ono imodzi yokha, ndiye kuti kwatayika zambiri. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asayandikire. Zinyalala zake zimafuna moto wofika madigiri 1,200, choncho ng'anjo zathu za njerwa zija za kuseri kwa chipatala si malo ake. Mankhwala aliwonse akagwera pakhungu kapena m'maso, madzi oyenda kwa mphindi 20 zoyang'ana pa wotchi, osati zoganizira. Chovala chonyowa chidulidwe ndi sizasi, chisadutse kumaso. Amene wamwa musamusanzitse, musamupatse mkaka, ndipo ngati wakomoka musamupumire pakamwa, gwiritsani ambu bagi, kathumba kopopera mpweya ndi manja kaja. Sipiliti wathu wofiirira uja ali ndi chiphe chotchedwa methanol, chimene chimachititsa khungu munthu akamwa. Munthu amatha kuoneka bwinobwino, mavuto n'kudzayamba patatha maola 12 mpaka 24.

Panja anathira sipiliti m'thireyi yachitsulo n'kuyatsa, dzuwa lili pamutu. Palibe anaona moto. A sekilitale anali atayamba kale kuseka kuti machesi azima, mpaka bamboyo anaponyamo udzu wouma, pomwepo lawi phuu! Madzi a m'ndowa amangomwaza moto wotere. Chozimitsira cha ufa cha makilogalamu 9 chimatha theka la mphindi lisanakwane, ndiye palibe zoyeserera: solola pini, loza patsinde pa moto uli mamita awiri kapena atatu, finya, yendetsa uku ndi uku, mphepo ndi khomo zili kumsana. A sekilitale omwewo anaiwala za mphepo, anabwerera ali mbuu ngati ochokera ku chigayo. Chithunzi chilipo, sitifufuta.

Zina ziwiri zimene ambiri sitinkadziwa. Ufa wa m'chozimitsira umagwirana ngakhale muvi wa geji uli pobiriwira, makamaka cha m'ambulansi chimene chimagwedezeka tsiku lililonse; chizondotseni mwezi ndi mwezi, mumve ufa ukutsetsereka. Chachiwiri, kolorini wa HTH uja wa m'ndowa akakhudzana ndi sipiliti, gilisalini kapena oyilo amatha kutentha mpaka kubuka moto, ndipo moto wake sufuna ufa, umafuna madzi ambiri. Ndiye HTH ndi sipiliti zisagone shelefu imodzi. Moto ukakula, tulukani, ozimitsa moto muwauze zimene zili m'katimo, ndipo matumba a mchenga atseke ngalande kuti madzi ozimitsira asapite kumtsinje.

Nkhomaliro inali nsima ya nkhuku ya lokolo. Za amene anatenga nthutumba ziwiri sitilemba, akudzidziwa okha.

Tsopano nkhani yeniyeni. Tisanatuluke m'tauni, achimwene athu a kiliniki ya kumudzi uja anagula chigubu cha sipiliti cha malita 5, n'kuchilowetsa pansi pa mpando wakumbuyo. Amayi a ku labu nawo anagula kandowa ka HTH, kanakakhala pomwepo. Onsewa anali atamva phunziro maola ochepa m'mbuyomo. Pa Lizulu kosita inaima, ndipo mukudziwa mmene Lizulu amachitira ndi munthu amene walandira alawansi: kabichi, mbatatesi, anyezi, karoti, zonse kumbuyo. Thumba la mbatatesi linatsamira chigubu chija chitagona chammbali, chitsekero n'kung'aluka.

Fungo linayamba kumveka tisanafike pa Tsangano turn-off. Poyamba anthu anayang'anizana, wina n'kunena kuti alipo amene wayamba Lachisanu msanga. Anazindikira ndi a dalaivala athu aakulu a ambulansi, amene anakuwa kuti, "Achimwene, imani, zimitsani injini!" Apa gulu linagwira ntchito yonyaditsa. Anthu anatsika mwadongosolo n'kuima kumene mphepo imachokera, zitseko ndi mawindo onse anatsegulidwa, kondakitala analandidwa ndudu isanafike pakamwa. Choyamba kutuluka chinali kandowa ka HTH, kamene pansi pake panali patanyowa kale; kanapukutidwa n'kukaikidwa kutali. Chigubu chinaimikidwa n'kutulutsidwa, ndipo pafupifupi theka linali litapita. Magolovesi anachokera m'bokosi la zida limene otilandira anatipatsa ngati mphatso, mchenga unachokera m'mbali mwa msewu, fosholo inali botolo la madzi lodulidwa pakati. Mzere wozungulira kaye, kenako pakati, monga anatiphunzitsira. Mmodzi yekha ndi amene ananena kuti "tithirepo kolorini", ndipo anthu anamuyankha pamodzi mwakuti sanabwerezenso.

Nanga a tcheyamani? Iwo anagwira nambala ya 50. Anayamba kuwerenga mapazi mokweza, nawoloka msewu kulowera kumadzulo, osatembenuka. Amene mumadziwa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti chigawo chimenechi msewuwo ndiwo malire. Pofika pa 50 anali ataima m'munda wa munthu ku Mozambique, akutikodola kuti tiwatsate. Mtsutso unabuka pomwepo. A tcheyamani amati buku lanena mamita 50, basi. Madalaivala amati mtunda umenewo ndi woyambira pamene sukudziwa chatayika n'chiyani kapena kuchuluka kwake. Apa tinkadziwa kuti ndi sipiliti wosapitirira malita atatu, panja, mphepo ikuomba, ndiye chofunika chinali kuchotsa moto ndi HTH. Ambiri tinaona kuti madalaivala akunena zoona, komabe munthu wotalikira kwambiri sanapsepo, ndiye a tcheyamani tisawaseke mopitirira. Kuwaitana kuti "a Kazembe" kokha ndiko kwaloledwa.

Mchenga wonyowawo tinauyala mopyapyala pa dothi lopanda udzu, anthu akulondera mpaka fungo litatha, kenako unalowa m'majumbo awiri n'kubwera nafe. Zoyanika chonchi n'za sipiliti yekha. Akanakhala fomalini kapena mankhwala a khansa, kosita ija sitikanakweranso.

Mkangano waukulu unali wa kabichi. Mitu ya pansi inali itanyowa, ndipo eni ake, amayi a ku labu, amati, "Sipiliti amauluka, ndikachotsa masamba akunja ndiphika." A m'mafamase anakana: kabichi si galasi, madzi amalowa pakati pa masamba, ndipo palibe angayeze kuti methanol watsala wochuluka bwanji. Kenako nkhani inatembenuka, inakhala yoti alipire ndani. Amayiwo amati mwini chigubu. Mwini chigubu amati, "Mayi, chigubu changa chinali chiimire, anachigoneka ndi mwini mbatatesi." Mwini mbatatesi amati anapakira ndi kondakitala. Kondakitala amangofunsa za ndudu yake. Wina anati tingousiya pamsewu, koma zimenezo zinakanidwa msanga, chifukwa ana kapena mbuzi zikanautola tisanafike n'komwe pa Ntcheu. Unamangidwa m'jumbo, ndipo unakakwiriridwa m'dzenje la zinyalala titafika.

Tikuthokoza otilandira chifukwa cha phunziro ndi bokosi la zida lija, lomwe linagwira ntchito tsiku lomwelo. Magolovesi ake atha, komiti igule ena. Zikomo a dalaivala a kosita poima osanyinyirika, ndi amayi a pamudzi wapafupi amene anatibwereka ndowa ya madzi osamba m'manja. Zikomo madalaivala athu a ambulansi, mphuno zanu zinatipulumutsa. A Kazembe, zikomo potibwerera.

Tinagwirizana kuti sitolo iliyonse ikhale ndi ndowa ya mchenga wouma yovundikira, majumbo olimba, magolovesi a nitrile ndi mapepala a SDS pakhoma, ndipo HTH asamuke lero lomwe ngati ali pafupi ndi sipiliti. Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi chithunzi cha ndowa yake ndi geji ya chozimitsira moto chake. Mlandu wa kabichi uli pa ajenda, ndipo mwini mbatatesi akupemphedwa kuti asadwale tsiku limenelo.