Chigayo chimene chinkadzilizira chokha

Lolemba m'mawa ndinaitanidwa ku fakitale ina yopanga chakudya cha nkhuku ku Kanengo. Folomani anandichingamira pageti penipeni. "Amisiri, Loweruka kuno kukanagwa maliro," anatero. Magetsi atathima, mnyamata wina anatsekula chigayo kuti asinthe sefa. Magetsi kungobwera, mota inalira yokha. Chinamupulumutsa n'chakuti anali atatulutsa dzanja kuti atole sipanala.

Mota yake ndi ya 22 kW, ya ma phase atatu pa 400 V, imalizidwa mwa star-delta (imayamba ndi mphamvu yochepa pa star, kenako yonse pa delta) ndipo imalamulidwa ndi PLC ya S7-1200, kakompyuta koyendetsa makina. Ndisanakhudze waya ngakhale mmodzi ndinathimitsa isolator, switchi yaikulu yodula magetsi onse a makinawo, n'kukhomapo loko wanga, kiyi m'thumba, kenako n'kuyeza ndi mita ngati moto wathadi. Nditalumikiza laputopu, vuto linaonekera msanga. Amene analemba pulogalamu anaika lamulo loliza mota pamalo amene PLC imakumbukirabe ngakhale magetsi athime. Ikadzuka, inkangopitiriza pamene inalekera.

Koma chimene chinandisowetsa tulo ndinachipeza Lachiwiri. Batani lofiira loimitsira makina pangozi linali lolumikizidwa ku input (polandirira uthenga) ya PLC basi, komanso pa contact yotsekuka, imene imadutsitsa moto pokhapokha batani likasindikizidwa. Ndiye kuti waya uja akanaduka, kapena khoswe kumutafuna, ndipotu makoswe m'nyumba ya chimanga sasowa, munthu akanamenya batanilo mpaka dzanja kutupa chigayo chikulirabe. PLC ndimaikonda, ndiyo imandidyetsa, koma moyo wa munthu sindingauike pa pulogalamu imene aliyense wokhala ndi laputopu angathe kusintha.

Lachitatu lonse linathera pa mawaya. Batani lofiira ndinaliika pa ma contact awiri otseka, amene amadutsitsa moto nthawi zonse mpaka batani lisindikizidwe, kudzera mu safety relay, kachipangizo kachitetezo kamene kamadula mwachindunji moto wopita ku ma koyilo a ma contactor, ma switchi opereka magetsi ku mota. Waya akaduka tsopano, mota imaima. PLC imangouzidwa kuti batani lasindikizidwa, iyo n'kuyatsa nyali. Overload, imene imathimitsa mota ikamakoka magetsi opitirira muyezo, ndinaipeza ili pa 41 A, mphamvu yonse ya motayo, pomwe pamalo pamene yakhalapo imaona gawo chabe la mphamvu, pafupifupi 0.58 ya yonse. Ndinaitsitsa kufika pa 24 A. Ikanasiyidwa choncho, mota ikanapsa iyo isanadziwe kanthu.

Lachinayi ndinalembanso pulogalamu. Magetsi akabwera, palibe chimene chimalira mpaka munthu asindikize reset kenako start. Contactor ya star ndi ya delta sizingatseke limodzi, m'pulogalamu ngakhalenso pa mawaya.

Bwana wa fakitale anabwera masana, mtima uli pa maoda amene anaima. "Bambo, masiku anayi osagaya, kodi si zokwanira?" Ndinawapempha kuti andipirire tsiku limodzi lina, ndipo ndinawaonetsa waya wakale uja. Anaugwira, osayankha kanthu.

Lachisanu tinayesa zonse anyamata onse akuonerera. Tinaliza chigayo, ine n'kuzula waya wa batani lofiira: chinaima. Tinathimitsa magetsi n'kuyatsanso: zii. Mnyamata wa sefa uja ndiye ndinamupatsa kuti asindikize reset ndi dzanja lake.

Chatsala chimodzi. Nyundo za chigayo zimazungulirabe kwa kanthawi mota itathima, choncho ndaitanitsa switchi yokhoma chitseko mpaka zitaima. Ikafika ndibwereranso. Pakali pano ndasiya maloko awiri okhomera isolator kwa folomani, lililonse ndi kiyi wake mmodzi.