Mmene ndinapezera COF ya ka Vitz kanga chaka chino

COF yanga, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imatha kumapeto kwa mwezi ndiye ndinati ulendo uno ndiyambiretu, osadikira kuti a traffic andiimitse pa rodibuloko kenako nkumathamanga uku ndi uku. Galimoto ya pakhomo ngati yangayi COF yake ndi ya chaka chimodzi, a maminibasi iwo amapita miyezi 6 iliyonse.

Ndinayambira pakhomo pomwe, madzulo. Kuyang'anitsa galimoto kukhoma, kuyatsa dimu, fulu, ma indiketa, ma hazadi, mwana wanga ali kumbuyo kundiuza ngati magetsi a buleki ndi a rivesi akuyaka. Babu imodzi ya buleki inali itapsa ine osadziwa, komanso kababu kowalitsa nambala puleti kaja, ambiri timakaiwala. Hutala ikulira, ma waipa akupukuta bwino, ku buti muli sipeyala ya mpweya, jeke, wilo sipana, ma triangle awiri ndi chozimira moto. Apa sipanandivute.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi phokoso lakutsogolo kumanzere, ndikalowa msewu wafumbi wa kwathu kamangoti gudu gudu, pa tala zii. Ndinapita kwa makaniko wanga, anakweza galimoto pa jeke nkugwira tayala pamwamba ndi pansi, kuligwedeza, likusewera. Akuti likamasewera chonchi ndi bolojointi kapena beringi, koma ukagwira m'mbali ngati ukukhotetsa likumasewera ndiye ndi tayirodi. Anandiitana, "achemwali bwerani muone nokha," ndinagwada pansi pomwepo nkuona kalabala kotchinga bolojointi katang'ambika, girizi yense anatha kalekale mwangodzadza fumbi. Bolojointi ndi imene imagwirizanitsa tayala ndi mkono wapansi uja amati control arm, ikathyoka tayala limapindikira mkati galimoto ili pa liwiro. Mtima unandigunda kwambiri chifukwa sabata yapitayo ndinali pa M1 kupita ku Dedza ndi ana awiri kumbuyo.

Pa Vitz ngati yanga bolojointi imabwera yomatirira ku mkonowo ndiye anati tigule wonse, ma bushi ake atsopano abwerere limodzi. Ndinapita kwa Malangalanga nditanyamula wakalewo m'jumbo, ndipo ichi ndikulimbikitsa, tengani chakalecho mukafananitse mabowo ake. Chasisi nambala nayo mulembe papepala, yanga imayamba ndi KSP90 kutanthauza ya injini yaing'ono ya 1.0, pomwe SCP90 ndi ya 1.3, ogulitsa amafunsa zimenezi chifukwa zida zina sizilowana. Mumapeza zatsopano zotchipa ndi zakale zochotsedwa ku galimoto za ku Japan, makaniko wanga anasankha yekha ataigwedeza ndi manja kuona kuti ndi yolimba. Atamanga tinapita ku alayimenti, ukasintha za kumiyendo osapanga alayimenti tayala limadyeka mbali imodzi msanga.

Kumeneko ndi kumene anandionetsanso manambala a pa tayala. 165/70 R14 ndi saizi, 165 ndi m'lifupi mwake mu mamilimita, 14 ndi rimu. Koma pali manambala ena 4 pafupi ndi mawu oti DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa, ngati palembedwa 2318 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2018. Limodzi lakumbuyo mapanga ake amaoneka bwino ndithu koma linali lokalamba, m'mbali muli ming'alu, ndinalisintha.

Tsiku lopimitsa ndinalawirira. Inshuwalansi ikhale yoti sinathe, traffic register card ndi mapepala a galimoto m'manja, mulipire nkusunga lisiti. Wopima anayamba ndi kufananitsa chasisi nambala ndi ya papepala, kenako magetsi, hutala, malamba, nkulowa kunsi kwa galimoto ndi tochi. Zonse bho mpaka pa mabuleki. Akutsogolo anagwira bwino, ma padi anali akadali onenepa, koma handibuleki imagwira mbali imodzi yokha. Anandiuza mwaulemu kuti mayi kakonzeni mubwerenso, ndipo amanena zoona chifukwa ndimaikoka mpaka m'mwamba ndikaima pa chitunda.

Kumbuyo kwa Vitz kuli ma dramu osati ma disiki, mkati mwake muli ma shuzi. Makaniko anatsegula, munali fumbi lakuda lambiri, shuzi ya kumanja yatalikira dramu. Anatsuka, kusunthira ma shuzi pafupi nkumangitsa waya wa handibuleki, sizinatenge ola. M'mawa mwake ndinabwereranso, handibuleki inagwira mbali zonse, masana ndinali nditamata disiki yatsopano ya COF pa windisikirini, ndipo polowa msewu wafumbi wa kwathu uja gudu gudu sindinamumvenso.