Mukamakwera kandege kakang'ono, pulopela muziitalikira

Kuno ku Zomba ndege timaziona zikutera ku Airwing, koma bwalo limenelo ndi la asilikali. Ambiri kandege kakang'ono amakakwera koyamba popita ku Likoma, ku Nyika kapena kumalo osungira nyama ku Liwonde. Kumeneko munthu umayenda wapansi mpaka pakhomo la ndege, chikwama kumanja, pulopela, chija chimazungulira kumphuno kwa ndege, ili pomwepo.

Pulopela ikamazungulira sioneka, makamaka madzulo kapena dzuwa likakuthobwani m'maso. Ya kandege ka mtundu wa Cessna 172 ndi yotalika pafupifupi mamita 1.9. Injini ikamangolira pang'onopang'ono, pulopelayo imazungulira ka 700 pa mphindi, ndipo nsonga yake imathamanga pafupifupi makilomita 250 pa ola. Dzanja silingapulumuke.

Chimene anthu sachidziwa ndi chakuti injini yozimitsa nayonso ndi yoopsa. Moto wa m'mapulagi suchokera ku batire ngati pagalimoto. Umachokera ku mamagineto awiri, omwe amapanga okha magetsi injini ikatembenuka. Kiyi amangowatseka kudzera pa kawaya kakang'ono. Kawayako kakaduka kapena kukhwepa, kiyi angakhale m'thumba mwa woyendetsa, magineto amakhalabe amoyo. Wina akangokankha pulopela pang'ono, injini yotentha yomwe yatsalira mafuta ikhoza kulira nthawi yomweyo. N'chifukwa chake oyendetsa amazimitsa injini potseka mafuta kaye, kiyi pambuyo. Zotsamira pulopela pojambulitsa za pa Facebook zija, chonde ayi.

Pokwera, dikirani woyendetsa akukodoleni, ndipo mudzere chakumbuyo kwa phiko, osati kutsogolo kwa mphuno. Nyali yofiira ikayamba kuphethira, kapena mukamva akufuula kuti "Clear prop!", ndiye kuti injini ikuyaka tsopano, imani patali. Mwana mumugwire dzanja osamutaya.

Mphepo ya pulopela imaulutsa miyala ndi fumbi cha kumbuyo, makamaka pa mabwalo adothi ndi audzu. Amayi mangani chitenje ndi mpango zolimba. Chipewa kapena tikiti zikauluka zisiyeni, poti munthu akamathamangitsa chinthu maso amakhala pansi.

Potsika musatsegule chitseko pulopela isanaimiretu, ngakhale abale akukuyembekezani pafupi. Ngati akutumani kuchotsa zopinga za kumatayala, yambani mwafunsa ngati injini ndi yozimitsa, ndipo mufikire tayala kuchokera kumbuyo, n'kubwerera njira yomweyo.