Tiyi wa ku Leeds

Popeza mlamu wanga wayamba kale kufalitsa nkhani ya batani lija mothira mchere, ndiloleni ndiifotokoze ndekha mmene inayendera. Mnzanga wa kuntchito kuno ku Leeds atandiitana kuti ndikamwe tiyi kwawo, sindinade nkhawa, chifukwa Angerezi ndinkawadziwa kale kuchokera m'mabuku ndi m'mafilimu: anthu a mataye, olankhula motsitsa mawu, omwa tiyi wa 4 koloko m'timakapu topyapyala, potsata mwambo umene amati anauyambitsa mayi wina wolemekezeka wa ku Bedford cha m'ma 1840. Podziwa kuti tizibuledi toika nkhaka sitingagoneke mwana wa ku Thyolo, ndinayamba ndadya mitanda itatu ya nsima ya nyemba, kenaka ndinadzipanikiza mu suti ya paukwati wanga.

Palibe buku limene linandichenjeza kuti kumpoto kwa England munthu akati tiyi amatanthauza chakudya chamadzulo. Mwininyumba ananditsegulira chitseko atavala jezi ya mpira ndi masilipasi, ndipo patebulo panali masoseji, phiri la mbatatesi yoponda ndi nsawawa zophwanya zobiriwira ngati ndere. Kwathu kukana chakudya cha eni ndi mwano, choncho ndinadya, ndipo mayi a m'nyumbamo ataona mbale yayera anandimvera chisoni n'kundiwonjezera.

Tiyi weniweni anabwera pomaliza, m'chikapu chokwanira kusambitsiramo khanda. Ndinati apa pokha ndionetse kuti sukulu ndinapita, ndipo ndinaimika kachala kotsiriza monga amachitira m'mafilimu, n'kukoka mpweya kuti ndithokoze m'Chingerezi cha Mfumu. Batani la jekete linathothoka ngati mwala wa legeni. Linagunda ketulo, linanjanja, linazungulira mbale ya shuga modekha ngati likufunsa njira, ife anayi tikuliperekeza ndi maso, kachala kanga kadakali m'mwamba, mpaka linakamira mu msuzi.

Woyamba kupepesa anali mwininyumba, kenaka mkazi wake, ngati kuti nsima ija anandiphikira ndi iwo, ndipo mwana wawo atalivuula ndi supuni tonse tinayamba kukambirana za mvula mwakhama. Pamenepo pokha mabuku aja sananame, ndiye amene akuti ndinapusa andiuze tsamba limene ndinalidumpha. Batanilo anandibweretsera Lolemba mu envelopu, atalitsuka, koma singano sindinaipezebe.