Ulendo wa ku Nosy Be: mapu ndawajambulanso kachitatu

Patebulo lathu sipanadyedwepo nsima masabata awiri tsopano, pali mapu okhaokha. Amayi akunyumba anena kuti ndikapanda kuwachotsa pofika Lamlungu ayatsira mbaula, ndipo ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza mwezi uno, sindikuganiza kuti akunena zocheza. Bola ndilembe pamene ndafika zinthu zisanapse.

Kwa inu amene simunaone zimene ndinalemba poyamba, nkhani ndi iyi: tikufuna kukabwereka bwato la matanga kwa sabata imodzi n'kuzungulira chisumbu cha Nosy Be, kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar. Tilipo asanu. Ine, amayi akunyumba, mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg pamodzi ndi apongozi athuwo, ndiponso alamu anga a ku Ntcheu, alimi a kachewere chakufupi ndi Tsangano. Pagulu lonseli amene anagwirapo chingwe cha thanga ndi ine ndekha. Ndinaphunzira ku Senga Bay ndili kale wamkulu, ndipo mpaka lero ndikapeza mpata ndimatsetsereka msewu wokhotakhota wa ku Golomoti kupita kunyanja.

Chinandikopa ku Nosy Be ndi mmene chisumbucho chinabadwira. Ndi dziko lotuluka m'mapiri ophulika. Moto wake unazirala kale, ndipo m'makamwa mwa mapiriwo munadzaza madzi, moti pali tinyanja 11 tozungulira ngati mbale. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 320, pamene Likoma wathu ndi 18 okha. Koma kutalika kwa mapiri musayembekezere zambiri. Mont Passot, pamene alendo amakwera kukaona dzuwa likulowa, ndi mamita 329, ndipo Lokobe ndi 450. Ife amene timadzuka n'kuona phiri la Dedza la mamita 2,198 tinganene kuti ndi zulu chabe. Ngakhale doko limene mabwato obwereketsa amakocheza limatchedwa Crater Bay (crater ndi kamwa la phiri lophulika), dzina lokhalo likuulula chimene chinalipo.

Mapu oyamba ndinawajambula ndi dyera. Ndinkafuna zonse: kuzungulira chisumbu, kukafika ku zisumbu za Mitsio kumpoto chakum'mawa, n'kubwereranso mpaka ku Nosy Iranja kumwera chakumadzulo. Apongozi ndi amene anandifunsa pafoni mwaulemu kuti, "Kodi bambo, maola mwawerengera?" Ndinatenga ulusi n'kuyeza. Malo awiriwa, lililonse lili mamailo a panyanja pakati pa 25 ndi 35 kutengera pamene wanyamukira, ndipo ali mbali zosiyana. Mailo imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852. Bwato lodzaza anthu, madzi ndi chakudya likamayenda mamailo 5 pa ola ndiye kuti zili bwino. Ndiye kupita maola 6, kubwera maola 6, kawiri. Masiku anayi mwa asanu ndi awiri tikanangokhala chogwada kuyang'ana madzi. Mitsio ndinamufufuta, ndipo zinandiwawa, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli matanthwe a chiphalaphala chouma oima ndondondo ngati nsanamira, chinthu chimene ndinkafunitsitsa kuona ndi maso.

Amenewo anali mapu achiwiri. Nawonso sanakhalitse, ndipo chimene chinawagwetsa ndi chimene chandidyera sabata yonse ino.

Nyanja yathu ya Malawi sidzaza ndi kuphwa tsiku lililonse. Imakwera nthawi ya mvula, imatsika m'chilimwe, basi. Ukaponya nangula pa mamita atatu madzulo, m'mawa upeza mamita atatu omwewo. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikudziyesa wodziwa madzi, osadziwa kuti ndimadziwa madzi amene sayenda. Ku Nosy Be nyanja imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita anayi. Ganizani nyumba yonse ndi denga lomwe. Kuchoka podzaza kufika pophwa pamatenga maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerapo ndi mphindi ngati 50. Kotero chimene chinali choona Lolemba m'mawa, Lachinayi m'mawa ndi bodza.

Ndaphunzira kawerengedwe kamene amalinyero amagwiritsa ntchito, kogawa madziwo m'magawo 12. Ola loyamba amakwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatunso, kenako awiri, kenako limodzi. Tanthauzo lake n'lakuti theka la madzi onse limasuntha m'maola awiri apakati okha. Pa mamita anayi aja, ndiye mamita awiri m'maola awiri. Munthu ukhoza kusiya kabwato kakang'ono kopitira kumtunda kakuyandama bwinobwino, kupita kukagula nsomba, pobwera n'kukapeza kali pamchenga mtunda wautali ndi madzi, kapena katatengedwa. Ndinayesa kuwafotokozera alamu ndi beseni ndi kapu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, ndiye madziwo akaphwa amapita kuti?" Tinatha ola lathunthu pa nkhani ya mwezi ndi mphamvu yake yokoka, ndipo anachoka akupukusa mutu.

Pa nangula ndi pamene zinandiopsa kwenikweni. Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti tcheni chikhale kanayi kapena kasanu kuya kwa madzi. Kunyanja kwathu pa mamita atatu ndimatsitsa mamita 15 n'kukagona. Ku Nosy Be ukaponya madzi ataphwa pa mamita atatu, pakati pa usiku ali mamita 7, ndiye pamafunika tcheni cha mamita 35. Ukatsitsa 15 aja, nangula amazuka bwato n'kuyamba ulendo wake anthu muli m'tulo. Ukaponyanso madzi atadzaza osawerengera, m'bandakucha wakhala pa miyala ya korali. Ndipo ndi tcheni chachitali chotero bwato limazungulira bwalo lalikulu mphepo ikatembenuka, choncho uyeneranso kuona amene wayandikana nawo.

Mphepo imatembenukadi, ndipo apa mpamene ndinasangalala, chifukwa zinandikumbutsa kwathu. Asodzi a ku Salima ndi ku Mangochi amatchula mphepo ndi mayina: mwera, mpoto, vuma, zambwe. A ku Nosy Be nawonso ali ndi awo. Varatraza imachokera chakum'mawa ndipo imawomba m'mawa, ngati vuma. Masana ikazirala kumabwera talio kuchokera kumadzulo, kunyanja yaikulu, ngati zambwe. Munthu wa nzeru amapita kumadzulo m'mawa, kum'mawa masana, mphepo ikumukankha kumsana ulendo wonse. Nditaika mivi iwiriyi pa mapu achiwiri ndinapeza kuti masiku atatu ndinakonza zoyenda molimbana nayo. Tikanalipira bwato la matanga n'kumayenda ndi injini, kuwotcha dizilo wogula ndi ndalama zakunja.

Mapu achitatu ali motere. Tsiku loyamba tiyenda pang'ono chabe, kuchoka Crater Bay kupita ku Nosy Sakatia, kuti anthu azolowere kugwedezeka, ndiponso kumeneko akamba a m'nyanja amadya udzu wa pansi pa madzi pafupi ndi gombe. Lachiwiri ndi lalitali, kuzungulira kumpoto n'kutsika mbali ya kum'mawa mpaka ku nkhalango ya Lokobe. Kenako Nosy Komba, phiri lina lozirala loima lokha m'madzi, lotalika kuposa onse a pa Nosy Be, kumene kuli ma lemur, tinyama tofanana ndi changa, amphongo akuda aakazi ofiirira. Kuchoka apo tidzalawira ndi varatraza kupita ku Russian Bay. Dzinali linachokera pa zombo za nkhondo za Russia zimene zinaima m'derali kuchiyambi kwa 1905 zili pa ulendo wokamenyana ndi Japan, ndipo zambiri zinakamira pa nkhondo ya ku Tsushima, pakati pa Japan ndi Korea, mu Meyi chaka chomwecho. Tsiku lachisanu Nosy Iranja, tizisumbu tiwiri tolumikizidwa ndi mchenga woyera wopitirira kilomita imodzi umene umaonekera madzi akaphwa. Pamenepo sipogona, mpoyera kwambiri, ndiye usiku tidzalowa mumtsinje wa Baramahamay, kumene anthu a m'midzi amabwera ndi mabwato kudzagulitsa uchi. Nosy Tanikely, malo otetezedwa osambirako kuona nsomba, ndawasunthira kumapeto, kuti pobwerera talio adzatikankhe yekha.

Mwezi nawo ndauika pa mapu. Ndikufuna tidzanyamuke mwezi uli theka, pamene kudzaza ndi kuphwa kumakhala kochepa, kuti masiku oyamba zolakwa zathu zikhale zotchipa. Pofika ku Iranja madzi adzakhala ayamba kusuntha kwambiri, mchenga uja udzatuluke bwino.

Za nyengo sitinakangane nthawi yaitali. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi nthawi ya anamondwe, ndipo aliyense amene anaona zimene Freddy anachita kumwera kwa dziko lino mu Malichi 2023, atadutsa kale pa Madagascar pomwepo, safuna kumva za bwato miyezi imeneyo. Ine ndinkafuna Okutobala chifukwa cha zinsomba zikuluzikulu za whale shark. Alamu anati Okutobala iwo ali kumunda. Tagwirizana kumapeto kwa Seputembala, pamene zinsombazo zimakhala zayamba kufika ndipo anamgumi sanachoke.

Chimene ndameza movutikira ndi chakuti bwatolo sindidzaliyendetsa ndekha. Ndilibe chiphaso chimene obwereketsa amafuna, ndipo nditaona masamu a tcheni aja ndaleka kudandaula. Tidzatenga catamaran, bwato la matanga la mimba ziwiri, yokhala ndi kaputeni wa konko. Ndamulembera kale mmodzi, mwana wathu akuthandiza Chifalansa, kumupempha kuti masana azindisiyira chiwongolero ndi matanga. Munthu wa konko adzatithandizanso pa zimene iwo amati fady, zoletsedwa za makolo. Ng'ona za m'tinyanja ta pa Mont Passot amazilemekeza ngati mizimu ya makolo awo. Wobadwira kuno, amene amadziwa kuti kudambwe sulowa chilowerelowere, safunika kuuzidwa kawiri.

Ndalama ndiye mutu wina. Chikole amafuna mu euro, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene ndinkasunga zinasungunuka ngati mchere m'madzi. Kubanki ndapitako kawiri kukafunsa za ndalama zakunja, kawiri konse ndabwerako ndi mawu akuti ndidikire. Tapangana kuti ana alipire chikolecho ku Johannesburg, ine ndidzawabwezere kuno pomalizitsa nyumba yawo. Ndege yopita ku bwalo la Fascene la ku Nosy Be tidzakwereranso komweko.

Loweruka likubwerali nditsikira ku Senga Bay ndi alamu. Ndikawapatsa nangula m'manja, tikaponya ndi kuzula kakhumi, ndipo nthawi iliyonse ndizikawauza kuya kongopeka kuti awerengere okha tcheni. Amayi akuti abwera nawo kuti akaone ngati mwera uwasanzitse, ndipo akasanza, malo awo m'bwato tiwapatse wina. Mapu ndawapinda, ndawaika pamwamba pa kabati.